Kumene Mawu Akuti *gruda Anachokera

Mawu akuti *gruda sapezeka m'buku lililonse lakale. Kanyenyezi kali kutsogoloko kamasonyeza kuti akatswiri anachita kuwabwezeretsa poyerekezera zinenero za Asilavo, zimene kholo lake silinalembedwepo. Ku Poland gruda ndi chigulumwa cha dothi, makamaka loundana ndi chisanu. Ku Czechia amati hrouda, pakuti kumeneko g anasanduka h ndipo u wautali anasanduka ou. Ku Russia gruda ndi mulu wa zinthu. Kusintha kotereku kumaonekanso m'mawu ena ambirimbiri, n'chifukwa chake *gruda si zongopeka ayi.

Umboni wokoma kwambiri uli m'mayina a miyezi. Disembala ku Poland ndi grudzień, ku Ukraine ndi hruden', ndipo dzina lakale la ku Slovenia ndi gruden. Ndi mwezi umene matope a m'misewu ndi m'minda amauma gwa n'kukhala zigulumwa. Ku Lithuania, kumene chinenero chake si cha Asilavo koma ndi chachibale, mweziwu ndi gruodis, kuchokera ku gruodas, nthaka youndana. Anthu amene anatcha mwezi dzina la chigulumwa anali alimi, oyang'ana pansi pamene akuponda.

Ku Lithuania komweko grūsti ndi kusinja, grūdas ndi njere, ndipo Chijeremani chili ndi Grütze, mbewu zokonola. Pachifukwachi ambiri amalumikiza *gruda ndi muzu wa Chiindo-Yuropiya, kholo la zinenero zonsezi, wotanthauza kuphwanya kapena kupera: chigulumwa ndi chinthu chobenthuka. Lamulo limene katswiri wa zinenero Werner Winter anafotokoza mu 1978, lonena za kutalika kwa mavawelo patsogolo pa d, g ndi b, limathandiza kumvetsa katchulidwe ka *gruda. Komabe apa m'pofunika kudekha. Kamvekedwe ka mawu kamatsata malamulo oyesedwa, pamene tanthauzo la zaka masauzande zapitazo limangoganiziridwa kuchokera pa zimene zinatsala.

Msampha wina ndi kufanana kwa maonekedwe. Grud' wa Chirasha, kutanthauza chifuwa, amaoneka ngati mapasa ndi gruda, koma amachokera ku *grǫdь, amene vawelo yake inkatulukira m'mphuno. Chirasha chinasandutsa vaweloyo kukhala u, pamene Chipolishi chakale chinaisunga mu grędzi. Ngakhale mawu awiriwa atakhala ndi ubale wakutali, pa nthawi ya Chisilavo choyambirira anali osiyana kale, ndipo katswiri wa zinenero Rick Derksen, mu dikishonale yake ya mu 2008, anawaika padera.