Kodi nzeru ili ndi mwini wake?



Amene munayendapo pa msewu wochokera ku Karonga kupita ku Chitipa mukudziwa mmene lole yodzaza katundu imalilira pa chitunda. Karonga ali m'mbali mwa nyanja, pomwe boma la Chitipa lili pamwamba, mamita opitirira 1,200. Mukamakwera mpweya umachepa, ndipo injini ikasowa mpweya siwotcha bwino dizilo. Chimene chimapulumutsa malole a masiku ano ndi turbo, kachipangizo kamene kamazungulira ndi mphamvu ya utsi wotuluka mu injini n'kumakankhira mpweya wambiri mkati.

Amene analembetsa nzeru imeneyi ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland, m'chaka cha 1905. Analandira patenti, chikalata cha boma choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chake. Koma sanayambire pa mchenga ayi. Mu 1860, Philander ndi Francis Roots, pachibale pawo a ku Indiana, anali atalembetsa kale makina opopera mpweya amene ankakolezera ng'anjo zosungunulira chitsulo. Mu 1885 Gottlieb Daimler naye analembetsa njira yokankhira mpweya mu injini.

Ndiye funso lathu lero ndi ili: munthu amene waphunzira kwa anzake, angaimirire bwanji n'kunena kuti nzeru iyi ndi yanga, woifuna andilipire?

Tisafulumire kumuweruza. Büchi anadikira mpaka 1925 kuti aone turbo yake ikugwira ntchito bwino, chifukwa zitsulo za nthawi imeneyo sizinkapirira kutentha kwa utsi. Zaka 20, abale! Thukuta lotere likamadyedwa ndi wongokopera, mawa ndani adzavutikenso? N'chifukwa chake mu 1988 ma ulama a International Islamic Fiqh Academy, atakumana ku Kuwait, anagamula kuti ufulu wa wolemba buku ndi wa wotulukira chinthu ndi wotetezedwa, ndipo kuuphwanya n'kosaloledwa.

Koma taonani mbali inayi. Patenti sapatsa munthu ulere. Kuti ailandire ayenera kulemba poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, moti wodziwa ntchitoyo atha kuwerenga n'kuchipanga. Ndipo imatha: m'maiko ambiri ikakwana zaka 20 basi, nzeru ija yasanduka ya aliyense. Lero makanika wa ku Chitipa amamasula turbo osapempha kwa Büchi kapena adzukulu ake. Choncho patenti ndi pangano: ulula zimene ukudziwa, ife tikulemekeza ndi kukulipira kwa kanthawi.

Panganoli likutikhudza ngakhale ife amene sitinalembetseko kanthu ku ARIPO, bungwe la ku Harare loona za mapatenti limene Malawi ndi membala wake. Pali mmisiri wa pa garaja amene amatuma mwana wophunzira ntchito kukagula fodya akafika poseta pampu ya dizilo, kuopa kuti angadziwe. Mwanayo amatha zaka akutsuka masipanala. Mmisiriyo akamwalira, nzeru ija imalowa naye m'manda, chigayo cha m'mudzi n'kuima. Palinso wachinyamata amene waphunzitsidwa zonse, koma akatsegula pake amauza makasitomala kuti anadziphunzitsa yekha pa YouTube. Woyambayo wabisa, wachiwiriyo waba dzina la mphunzitsi wake. Onse awiri aphwanya pangano.

Ngati uli ndi luso, lipiritsa, si tchimo kudya thukuta lako. Koma phunzitsa wina ukadali moyo. Ngati unaphunzitsidwa, tchula amene anakugwira dzanja, ndipo ukapeza kangachepe umukumbukire.

Nanga inu, luso limene mukudyera lero anakuphunzitsani ndani? Mutchuleni m'makomenti, timupangire dua limodzi.