Gumbagumba ya Bambo: Kodi N'kutaya Ndalama M'nyanja?

Amayi anzanga, m'nyumba zambiri kuno ku Likoma muli chibokosi chathabwa chimene chimakhala pakona pabalaza, chofunditsidwa kansalu koluka, pamwamba pake pali chithunzi cha ukwati kapena maluwa apulasitiki. Ndi gumbagumba, kapena masipika ake awiri amene anatsala zina zonse zitatha. Chibokosichi chimatha kukhala duu zaka makumi awiri, mphemvu n'kumangamo mudzi. Koma bambo akapuma pa ntchito, tsiku lina amachivundukula, n'kuyamba kuchipukuta. Posakhalitsa sipika yakwera Ilala kupita kwa mmisiri ku Mzuzu, mwana amene ali ku Joni walamulidwa kuti asake tizipangizo, ndipo ndalama imene yapita pamenepo yaposa mtengo wa sipika yatsopano ya Bluetooth imene anyamata amayenda nayo m'manja pamsika. Mayi wa pakhomopo akawerengera matumba a chimanga amene akanagula, mutu umamuwawa. Kodi kumeneku si kutaya ndalama m'nyanja?

Tisafulumire kuyankha tisanakumbuke mmene zinthuzi zinafikira pachilumba pano. Dothi lathu n'lochepa ndiponso lamiyala, koma sukulu zinafika msanga, kuyambira pamene amishoni a UMCA anakhazikika kuno mu 1885. N'chifukwa chake azigogo ndi azibambo athu ambiri anatuluka kukagwira ntchito za ukalaliki, uphunzitsi ndi umisiri ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Joni, kumigodi ya kopa ku Zambia ndi ku Tanganyika. Ena sanabwerenso, aja timawatcha matchona. Amene anabwerera anabwera ndi sutikesi yachitsulo, njinga, makina osokera a Singer, ndi wailesi. Mu 1949 ku Northern Rhodesia kunatuluka kawailesi kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, kooneka ngati sefuliya, ndipo kankagulidwa mapaundi 5. Pa kawailesi kameneko anthu ankamvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka imene inkalankhula Chinyanja, ndi mawu a Alick Nkhata. Pambuyo pake kunabwera ma Supersonic opangidwa ku Bulawayo, magumbagumba oimba mbale, kenaka wailesi yathuyathu ya Nzeru imene inadzaza m'midzi ya Malawi. Tsono gumbagumba sinali katundu wamba. Inali umboni wakuti mwamunayu anapita kutali, anakhetsa thukuta, sanatchone, wabwerera kwawo. Pamene ankaitsitsa m'sitima kuikweza m'bwato, mudzi wonse unkaonerera.

Nanga n'chiyani chimene chimafa mu sipika, kuti ifune ndalama zonsezi? Mukaitsegula mudzapeza kuti zinthu zake n'zochepa: maginito wolemera kumbuyo, kawaya kopyapyala kokulungidwa bwinobwino, ndi pepala lolimba lopindidwa ngati chipewa. Magetsi akadutsa m'kawaya kaja, pepalalo limanjenjemera n'kumakankha mpweya, ndipo kunjenjemera kumeneko ndiko timakumva ngati nyimbo. Bokosi lathabwa ndi maginito zimatha kukhala zaka zambirimbiri, chiswe chikapanda kulowerera. Zimene zimatha msanga ndi mkombero wofewa wogwiriziza pepala lija, umene umafumbutuka ndi ukalamba ndi chinyezi cha kunyanja kuno, ndi tizipangizo totchedwa makapasita timene timauma m'kati. Zimenezi zikasinthidwa, sipika ya zaka makumi asanu imayankhulanso. Pamenepa bambo ali ndi mfundo: zinthu zakalezi anazipanga ndi zomangira zoti munthu atha kumasula, pamene zambiri za lero n'zomatidwa ndi guluu, zikafa batire n'kutaya kudzala.

Musaganize kuti matendawa ndi a amuna athu okha. Kumayiko a azungu ndi ku Japan kuli anthu amene amachita zimenezi ngati chizolowezi cha moyo wonse. Amasakasaka masipika a Tannoy a ku Britain, amene mtundu wake wotchuka unayamba mu 1947, kapena a Klipschorn a ku America amene anayamba mu 1946 ndipo akupangidwabe. Ena amafuna timasipika tating'ono totchedwa LS3/5A timene akatswiri a BBC anatikonza m'zaka za m'ma 1970. Masipika awiri akale otere amatha kugulidwa mapaundi masauzande angapo, ndipo munthu akagula sakhutira, amayamba kusintha mawaya ndi makapasita, n'kumakangana ndi anzake usiku wonse za kusiyana kwa mawu kumene ife sitingakumve n'komwe. Akazi awo nawonso amadandaula ngati ife.

Apa ndiloleni ndilankhule monga munthu amene ndinagwira ntchito ya unamwino. Khutu la mwana limamva mawu kuyambira onjenjemera ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi imodzi. M'kati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tokhala ndi taubweya timene timalandira mawuwo, ndipo tikafa sitimeranso. Timene timayamba kufa ndi tija tomva mawu aang'ono, othwa, ngati kulira kwa nkhululu kapena "s" ndi "f" wa m'kulankhula. N'chifukwa chake agogo amati, "Ndikumva kuti mukulankhula, koma sindikumva chimene mukunena." Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu opitirira zaka 60, oposa gawo limodzi mwa magawo anayi ali ndi vuto la kumva lofika powasokoneza pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Onjezanipo amene anagwira ntchito m'phokoso la kumigodi kapena pafupi ndi injini za sitima, ndi amene anabayidwa jakisoni wa streptomycin masiku aja tinkachizira TB ndi mankhwala amenewo. Ndiye taonani chodabwitsa chake: pamene munthu ali ndi makutu akuthwa alibe ndalama, pamene wapeza kandalama ka penshoni koti akonzere sipika, makutu ndiwo apita. Mawu osalala amene akuwalipirirawo, gawo lina sangawamvenso ngakhale mmisiri atakhala wodziwa chotani.

Ndiye akugula chiyani? Ine ndikuona kuti sakugula mawu ayi. M'zipinda za odwala ndinaonamo nkhalamba zimene zinaiwala mayina a ana awo, zosadziwa ngati zadya kapena sizinadye, koma wina akayambitsa nyimbo ya ubwana wawo, milomo imayamba kutsatira popanda kuphonya liwu. Nyimbo zimene munthu anamva ali mnyamata zimakhala pamalo ozama m'mutu, pamene ukalamba umachedwa kufikapo. Bambo akaika mbale ya Jim Reeves kapena ya Mahotella Queens, kapena kaseti ya Daniel Kachamba, n'kutsamira pampando maso ali tsinzini, sali pabalaza panu. Ali m'kachipinda ka ku Makokoba ndi anzake amene onse anagona kale. Ali pa Khirisimasi ija bambo ake anatulutsira gumbagumba pansi pa mlambe, mudzi wonse n'kuvina mpaka mabatire kutha. Nyimbo yomweyo ilipo pa foni ya mdzukulu, ndipo mwina ikumveka bwino kuposa apa, koma siituluka m'bokosi limene dzanja la malemu linkapukuta. Madzi saiwala khwawa.

Palinso china. Mwamuna amene wagwira ntchito zaka makumi atatu, akangoti wapuma, m'mawa kumacha wopanda womufuna. Ambiri otere ndinawaona akufota msanga, ena n'kuthawira ku mowa. Amene ali ndi kanthu kogwiragwira, kaya ndi ukonde wosoka, kaya ndi wailesi yomasula, amadzuka ndi cholinga. Ndipo tisadziyeretse, amayi. Ndani mwa ife alibe makina a Singer a mayi ake amene wawakonzetsa kangapo, pamene telala ali pafupi pomwepa? Nanga mbale zadothi zili m'kabati zija, zimene sizinalawepo ndi usipa womwe, zikudikira mlendo wanji? Nanga nsalu zili pansi pa sutikesi, zimene timangozitulutsa kuti tiziyanike, n'kuzibwezera? Ifenso tili ndi magumbagumba athu, kungoti athuwo salira.

Komabe kukonda chakale kuli ndi malire ake, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi chitsanzo chimene timachidziwa tonse. Sitima ya Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja ino mu 1895, inapangidwa ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Inatumikira makolo athu ngati sukulu ndi chipatala choyandama. Itakalamba inakhala zaka zambiri ku Monkey Bay osayenda. Mu 2009 anthu akufuna kwabwino ku Britain anayamba kusonkhetsa ndalama, cholinga chawo chili mapaundi 2 miliyoni, kuti aikonzenso ikhale chipatala chofikira midzi ya m'mbali mwa nyanja kumene kulibe misewu. Ntchito inayambika ndithu, koma sinafike kumapeto, ndipo chipatala choyandamacho sitinachione. Mtima wawo unali wabwino, sindikuwanena. Koma mayi amene akuvutika ndi uchembere usiku ku Chizumulu safunsa kuti boti lomunyamula lili ndi mbiri yotani. Amafuna loti lifike. Pamene moyo wa munthu ukudikira, chikondi chathu pa chitsulo chakale chiyenera kupatuka panjira.

Koma onaninso Ilala. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, yakhala ikuyenda panyanja pano kuyambira 1951, injini zake zasinthidwapo, zigamba ndiye zosawerengeka. Palibe wa ku Likoma amene anganene kuti kuikonza kunali kutaya ndalama, chifukwa chimanga chathu, simenti yathu, ana athu a sukulu ndi maliro athu zakwera momwemo. Sitima ziwirizi zonse n'zakale, zonse zadya ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti ina imanyamula anthu. Funso limene ndimafunsa pa sipika ya bambo n'lomwelo: kodi ikadzuka, inyamula ndani?

Ku Japan kuli timalo tomwera khofi totchedwa jazz kissa, kumene mwini wake amaika masipika ake akale odula kuti aliyense wolowa akhale chete n'kumvera nawo. Makolo athu ankachita chimodzimodzi osaphunzitsidwa ndi munthu. Gumbagumba inkatuluka pa chinkhoswe, pa ukwati, pa tsiku lolandira wobwera kuchokera ku Joni, ndipo wailesi ya munthu mmodzi ndiyo inkauza mudzi wonse nkhani ndi mauthenga a maliro. Ngati sipika yokonzedwayo ikaimba pa ukwati wa mwana wa mnansi, ngati adzukulu akhala pamphasa n'kumva agogo awo akufotokoza kuti woimbayu anali yani ndipo mbaleyi anaigula kuti, ine sindingaitche ndalama yotayika. Koma ngati bambo atseka chitseko, mwana akayandikira n'kumukalipira, mayi akapukuta fumbi n'kukhala mlandu, pamenepo chinthu chija chasanduka mkazi wachiwiri m'nyumba.

Ndipo nkhani yaikulu, imene imabwera kawirikawiri tikamacheza ndi mabanja, si kuchuluka kwa ndalama koma kubisa. Mayi amamva kwa mwana wa ku Joni kuti ndalama ija anatumiza ya malata, theka linapita kwa mmisiri. Kapena fizi ya mdzukulu yachedwa, bambo akuti penshoni sinabwere, chonsecho phukusi latsika pa Ilala. Chimene chimapweteka mayiyo si sipika, koma kuti sanawerengedwe. Penshoni ija ndi ya awiri, pakuti pamene bambo anali ku Bulawayo, wina anatsala kuno akulima chinangwa pamiyala, akusinja kondowole, akulera ana yekha. Iyenso anailipirira gumbagumba imeneyo. Mankhwala a BP, chakudya ndi sukulu zikhale patsogolo, zimenezo sitikambirana. Koma zikakwanira, bambo n'kunena poyera kuti "Mayi, ndikufuna kudzutsa wailesi ya malemu bambo anga, idya mwakutimwakuti," ndikupemphani musamuyankhe ndi kuseka kapena kumuwerengera matumba a chimanga. Munthu sakhalira nsima yokha, ndipo amene wakanizidwa kachisangalalo koyera panyumba amakakafuna kwina kumene kumadula koposa.

Chomaliza ndi cha unamwino basi. Mukaona kuti sipika yabwera kuchokera ku Mzuzu koma bambo akungokwezabe voliyumu, akudandaula kuti mmisiri wawabera chifukwa mawu sakumveka ngati kale, musalole kuti aitumizenso. Apite kaye kuchipatala akawaunike m'makutu. Nthawi zina limangokhala litsiro louma limene latseka njira, ndipo limachotsedwa tsiku lomwelo. Asatokose ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku. Ndipo adzukulu aang'ono musawakhazike pafupi ndi sipika ikamalira mokweza, chifukwa timaselo tawo tija tikadali tonse.