Kodi Sukulu ya Ana Tiiyeze ndi Mlingo Uti?

M'mamawa, nkhungu isanayere m'minda ya tiyi ya ku Makwasa, amayi amakhala atabereka kale madengu kumsana, ana atawasiya ku sukulu ya mkombaphala. Madzulo makolo pocheza amayerekeza: "Uko ana akuwerenga mpaka 20 m'Chingerezi, pamene kuno angoimba ndi kumwa phala." Tsono tidzifunse: kodi mlingo umenewu ngwolungama?

Maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, koma mkombaphala wa m'mudzi umadalira eni mudzi. Alezi ambiri ngodzipereka, ndipo ufa ndi nkhuni amasonkha ndi makolo. Sukulu yolipira imalandira ana a aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki, ana odzuka ndi kadzutsa m'nyumba muli mabuku. Ya m'mudzi imalandira mwana wa wothyola tiyi ndi wamasiye woleredwa ndi agogo. Tikaika ana awa pa sikelo imodzi, timayeza thumba la kholo, osati luso la mlezi.

Komabe tisanamizane. Kholo lofunira mwana wake zabwino silinalakwe, pakuti m'mera mpoyamba. Ndiponso umphawi usakhale pobisalira ulesi wa mlezi. Kuyerekeza nkoyenera, koma funso lake ndi ili: mwanayu anafika ali wotani, nanga akutuluka ali wotani? Amene anabwera wamantha ndi wanjala, koma pofika zaka 6 akulowa Sitandade 1 akudziwa kufunsa, kugwira choko ndi kugawana ndi anzake, waphunzira koposa woloweza mawu ngati chinkhwe.

Choopsa chenicheni chili mumtima. Kholo likanena kuti, "Wanga asakhale pamphasa imodzi ndi ana a m'makomboni," mwana walandira phunziro lake loyamba, ndipo phunzirolo ndi kunyoza. Ife a ku Thyolo tikumbuke nthawi ya thangata, pamene makolo athu, ambiri a iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankayesedwa ndi mphamvu za manja awo okha. Kodi tiyambenso kusankhula anthu akadali ndi mano a mkaka?

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati mkombaphala wa m'mudzi mwanu ukutsalira, musanauweruze, pitani mukaone chimene chasowa mumphika mwake. Mwina ndi mbale ya ufa imene inu simunasonkhe.