Kodi Nkoyenera Kumasula Kapolo ndi Mfuti?

Abale ndi alongo a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, palibe mmodzi mwa ife lero amene angaime pabwalo ndi kunena kuti kugula munthu ndi cinthu cabwino. Mlandu umenewo unatha kale. Koma pali funso lina limene unatisiyira: munthu akaona mnzace ali m'goli, ndipo womangayo akana kumva mau, kodi nkoyenera kugwira mfuti kuti am'masule? Funso limeneli linagwera bishopu wina m'dziko la anansi athu a ku Malawi m'caka ca 1861, ndipo caka comweco linagwera dziko lonse la America.

Ife a kuno sitiri alendo pa nkhani imeneyi, pakuti njira za akapolo zinapita pakati pa minda ya makolo athu. Kucokera ku Tete ndi ku Zumbo kunkabwera Acikunda, anthu a nkhondo a Apwitikizi a m'mbali mwa Zambezi, nalowa m'dziko la Undi kufuna minyanga ya njobvu ndi anthu, atasenza nsaru, mikanda, onga ndi mfuti. Kum'mawa Acawa ndi Aluya ankatengera anthu ku Nkhotakota, nawaolotsa nyanja, ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Mwamuna wamphamvu ankamuika m'goli, ndiwo mtengo wa mphanda wotsekedwa ndi kacitsulo pakhosi; akazi ndi ana ankawamanga ndi zingwe.

M'caka ca 1857 David Livingstone analankhula kwa ophunzira a ku Cambridge, nawadandaulira kuti adze kuno ndi Uthenga Wabwino pamodzi ndi malonda oyenera. Inu olima thonje, mverani ici. Makina oomba nsaru a ku England anali kudya thonje lolimidwa ndi akapolo a ku America; tsono Livingstone anaganiza kuti anthu a kuno akalima thonje lao ali mfulu, mafumu adzaleka kugulitsa anthu, ndipo msika wa thonje la akapolo udzacepa mphamvu. Mau ace anabala mishoni, ndipo pa 1 Januwale 1861 Charles Mackenzie anadzozedwa ku Cape Town akhale bishopu wace woyamba. Mu Julai caka comweco iye ndi anzace anakwera mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, Livingstone akuwatsogolera.

Pa 16 Julai anali kupumula pa mudzi wa Mbame. Pamenepo panatulukira ulendo wa akapolo wopita ku Tete. Oyendetsawo ataona Azungu anathawira kuthengo, nasiya anthu 84, ambiri a iwo akazi ndi ana. Bishopu panalibe, anali atapita kukasamba kumtsinje. Koma pobwera anabvomereza zonse zimene zinacitika. Zingwe anazidula ndi mipeni, magoli anawaceka ndi maceka, ndipo omasulidwawo anasonkha moto ndi magoli omwewo naphikapo cakudya cao. Pa cinthu ici ine sindipeza mlandu ngakhale pang'ono. Womangidwa anali pamaso pao, cingwe cinali kuoneka, ndipo sipanagwe mwazi.

Zobvuta zinayamba pambuyo pace. Amishoni anamanga pa Magomero pamodzi ndi anthu omasulidwawo, ndipo Livingstone anapita ulendo wace. Mafumu a Amang'anja anayamba kufika tsiku ndi tsiku ndi mau amodzi: Acawa atha midzi yathu, atenga ana athu, tithandizeni ndi mfuti zanu. Bishopu sanafulumire. Anayamba wawalonjezetsa kuti sadzagulitsanso munthu, ndi kuti wogwidwa ali yense pa nkhondoyo adzakhala mfulu. Mafumu anabvomera, monga abvomera munthu amene nyumba yace iri kupsa. Tsono mu Ogasiti mtumiki wa Mulungu anatsogolera khamu la Amang'anja kukathira nkhondo misasa ya Acawa. Anthu anafa, misasa inatenthedwa. Mu Okutobala anapitanso.

Sipanapite nthawi yaikuru amishoniwo anayamba kuona zimene sanazione poyamba. Acawa aja sanali gulu la acifwamba lokha; ambiri anali anthu opitikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala, oyenda ndi akazi ao ndi ana ao kufuna pokhala. Ndipo Amang'anja amene anawathandiza sanali oyera m'manja, pakuti nawonso ankagulitsa anzao kwa anthu a ku Tete. Bishopu sanakhale ndi moyo kuti akonze zimene zinalakwika. Bwato lace linagubuduka, mankhwala a malungo namira m'madzi, ndipo pa 31 Januwale 1862 anamwalira pa cilumba ca pa mathiriro a Ruo ndi Shire. Mbiri ya nkhondo zace itafika ku England, Akristu ambiri anam'dzudzula, nati mthenga wa Kristu ayenera kulola kuphedwa, osati kupha. Pofika 1864 wolowa m'malo mwace, Bishopu Tozer, anali atasamutsira mishoni ku Zanzibar.

Tsopano tioloke nyanja yaikuru, pakuti miyezi yomweyo imene Mackenzie analikulimbana ndi funsoli, anthu a ku America anali atayamba kale kuliyankha ndi mizinga. M'caka ca 1860 dziko limenelo linali ndi akapolo pafupifupi 4 miliyoni, zidzukulu za anthu otengedwa ku Africa, ocuruka a iwo ali m'zigawo za kumwera kumene kunali minda ya thonje. Zigawo za kumpoto zinali zitaleka ukapolo. Zaka zambiri akuru a dziko anayesa kusoka cigamba pa cigamba. Mu 1820 analemba malire, kuti kuno ukapolo uloledwe, uko usaloledwe. Mu 1850 anaika lamulo lakuti kapolo wothawira kumpoto agwidwe ndi kubwezedwa kwa mbuye wace, ndipo womubisa alangidwe.

Cimene cindicititsa manyazi, ine mbusa, ndi ici: mipingo inagawanika boma lisanagawanike. Amethodisti anapatukana pa mlandu wa mu 1844 wa bishopu wao James Andrew, amene anali ndi akapolo. Abaptisti anapatukana mu 1845 pa funso lakuti kodi mwini akapolo angatumidwe kukhala mmishoni. Mbali zonse ziwiri zinatsegula Buku limodzi. A kumwera analoza kwa Paulo, amene anabweza Onesimo kwa Filemoni; a kumpoto analoza ku cilamulo ca Mose, cimene cinaika cilango ca imfa pa wakuba munthu. Ndiyesa kuti wina akamalalikira ali ndi thumba la thonje kuseri kwa guwa, maso ace amapeza msanga ndime zimene zisunga thumbalo.

Odana ndi ukapolo nawonso sanali a mtima umodzi. William Lloyd Garrison, amene anayamba nyuzi yace mu 1831, anakhulupira nkhondo ya mau yokha. John Brown anatopa nao mau. Mu Okutobala 1859 iye ndi anthu owerengeka analanda nyumba ya zida za boma pa Harpers Ferry, nayembekeza kuti akapolo adzauka ndi kum'tsata. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo iye mwini mu 1838, anakana kupita naye, poona kuti ndi msampha. Akapolo sanauke, ndipo Brown anapacikidwa pa 2 Disembala. Koma taonani ici: munthu woyamba kuphedwa ndi gulu la Brown usiku umenewo anali munthu wakuda, mfulu, wogwira nchito ya katundu pa njanji. Mu Epulo 1861 nkhondo ya paciweniweni inayamba. Inatha mu 1865 itadya anthu oposa 600,000, ndipo caka comweco ukapolo unathetsedwa m'dziko lonselo.

Nanga tinene ciani? Kudzudzula Mackenzie nkosabvuta, ndipo odzudzula a ku England anali ndi mau oona. Koma iwo analankhula atakhala pa mipando, atabvala malaya a thonje la akapolo, kutali ndi kulira kwa amai a pa Magomero. Wonena kuti, Dikirani, mau adzagwira nchito pang'ono pang'ono, ayenera kukumbukira kuti wodikirayo si iye. Kuyambira nyuzi ya Garrison kufikira nkhondo panapita zaka 30, ndipo m'zaka zimenezo ana anabadwa m'ukapolo, nagulitsidwa, ena nafa momwemo. Kunonso mishoni itacoka malonda a anthu anapitirira zaka zina 30. Sitinganame: anatha pamene boma la Harry Johnston linagonjetsa ogulitsa anthu ndi mfuti, kufikira Mlozi anapacikidwa ku Karonga mu Disembala 1895.

Komatu walira mvula walira matope. Asilikali a boma lomwelo ndiwo anafika kuno mu Januwale 1898 kudzathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Nsingo anaomberedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinatengedwa, ndipo pambuyo pace panadza msonkho ndi maulendo a ku migodi. Mfuti imene inadula goli sinabwerere kwao itatha nchitoyo. Inakhala konkuno kufikira 1964.

Kuweruza kwanga ndi uku, ndipo ndikunena ndi mantha, pakuti bishopuyo anataya moyo wace cifukwa ca anthu a kuno, pamene ine sindinatayepo kanthu. Pa Mbame ndi pa nkhondo ya mu Ogasiti pali kusiyana kwakukuru. Pa Mbame anamasula anthu amene anawaona ndi maso. Mu Ogasiti anathira nkhondo mtundu wa anthu, atakhala m'dzikomo mwezi umodzi wokha, cinenero asanacidziwe, atamva mbali imodzi ya mlandu. Ndi nyakwawa iti ya kwathu kuno imene igamula mlandu woimbidwayo asanalankhule? Iye anakhala mboni, woweruza ndi msilikali pa nthawi imodzi. Sindinena kuti mphamvu iribe malo konse. Munthu wogwira dzanja la wakuba mwana sacimwa, ndipo mafumu ndi maboma anapatsidwa udindo wa kuletsa oipa. Kulakwa kwa bishopu kunali kwakuti anapatsa chimo dzina la mtundu. Anayesa kuti ukapolo ndi Mcawa, ndipo kuti akapitikitsa Mcawa ukapolo udzatha; pamene ukapolo unali kukhala ndi kudya naye pamodzi m'bwalo la abwenzi ace. A kumpoto kwa America anagwa m'mbuna yomweyo poyesa kuti chimolo ndi la kumwera kokha, cinkana makina ao a nsaru ndi nyumba zao za ndalama zinalemera ndi thonje lomwelo.

Pano ndiyenera kutembenukira kwa ife eni. Tikamasimba za masiku aja timakonda kuchula Acikunda, Aluya ndi Angoni, monga ngati makolo athu anali ogwidwa okha okha. Koma wogula sagula popanda wogulitsa. Mlandu ukakula pamudzi, mwini mbumba ankatha kupereka mwana wa mlongo wace kuti ulipidwe. Njala ikakula, munthu ankasinthidwa ndi cakudya. Ndipo m'midzi ya mafumu munali akapolo a pakhomo Mcikunda asanafike ndi nsaru zace. Yosefe anagulidwa ndi alendo, inde, koma om'turutsa m'dzenje ndi kulandira ndalama anali abale ace. Ndipo goli lina tikali nalo m'kamwa. Ine ndakhalapo pa milandu ya unyakwawa ndi ya minda, pamene mkuru wa mpingo, wodya Mgonero, anaimirira ndi kuuza Mkristu mnzace kuti akhale cete cifukwa agogo ace anabwera pamudzipo ndi cingwe. Anthu anaseka, ine sindinam'dzudzule tsiku lomwelo, ndipo kufikira lero mtima wanga unditsutsa. Pamenepo sipanafunike mfuti. Panafunika mau okha, amene ndinali nao, ndipo sindinawaturutse.

Mwa ana omasulidwa m'masiku aja a Julai 1861 munali mnyamata dzina lace Chuma. Iyeyo anali Mcawa, wa mtundu womwewo umene bishopu anauthira nkhondo mwezi wotsatawo. Anakhala ndi amishoni pa Magomero, pambuyo pace anaphunzira ku India, nabwerera ndi Livingstone pa ulendo wace wotsiriza. Mu Disembala 1866 anaoloka naye Luangwa, atapyola m'midzi ya Acewa. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu Meyi 1873, Chuma ndi mnzace Susi ndiwo anatsogolera anthu amene anakwirira mtima wace pansi pa mtengo, naumika thupi lace, nalisenza miyezi 9 kufikira ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja ya mcere. Pamene iwo anali pa nchito imeneyo, mu Juni 1873, Sultan Barghash analemba pangano lotseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar, ndipo pa malo a msikawo mishoni ija ya Mackenzie inamangapo nyumba ya Mulungu. Chuma anatsogoleranso maulendo a mishoniyo kupita ku dziko la Acawa, namwalira ku Zanzibar m'caka ca 1882.