Phunziro 7: Nkhope ya Pabwalo ndi Nkhope ya M'nyumba

SABATA MASANA

Werengani pa phunziro la sabata ino: 1 Samueli 16:1-13, 2 Samueli 14:25 kufikira 15:6, Machitidwe 12:20-23, 2 Akorinto 10:7-11.

Vesi Loloweza: 1 Samueli 16:7.

Aliyense amene anagulapo manachesi m'mbali mwa msewu pa Zalewa adziwa kuti okongola ndiwo amaikidwa pamwamba pa mulu. Wogulitsa sanama ndi pakamwa ayi, angosankha chimene maso a wogula ayambe kuona. Mbiri ya anthu otchuka imaunjikidwa mwa njira yomweyo. Woimba amene timamumva pa wailesi, wampira amene ana athu amadzitcha dzina lake, mlaliki amene maulaliki ake amayenda pa WhatsApp kufikira kuno ku Midzemba, onsewa timawadziwa monga mwa mbali imene inaikidwa pamwamba. Amene amadziwa za pansi pa mulu ndi ena: dalaivala wake, wophika wake, mkazi wake. Sabata ino tiona kuti Baibulo linena zambiri za kusiyana kumeneku, ndi kuti nkhaniyi sitha ndi anthu a kutali okha, pakuti ife tonse tili ndi bwalo lathu, ngakhale likhale laling'ono.

TSIKU LOYAMBA: Mneneri Amene Ananyengedwa ndi Maso Ake

Kodi Samueli anaganiza chiyani pamene anaona Eliabu? 1 Samueli 16:6, 7.

Chodabwitsa pa nkhani iyi ndi chakuti Samueli anali atapsa kale. Sauli, mfumu yoyamba, anali wamtali koposa anthu onse a mtundu wake (1 Samueli 9:2), ndipo Samueli ndiye amene anamdzoza, nakhala akumlirira atakanidwa ndi Mulungu. Komabe pofika ku Betelehemu, ataona mwana woyamba wa Jese, mtima wake unathamangiranso ku msinkhu ndi nkhope. Ngati mneneri wokalamba mu utumiki anatha kuterereka kawiri pa malo amodzi, ndani wa ife anganene kuti maso ake sangamnamize?

Eliabu weniweni tikumana naye m'mutu wotsatira, pa chigwa cha Ela, akukalipira mng'ono wake amene anamtengera chakudya, namnenera kuti ndi wonyada ndi woipa mtima (1 Samueli 17:28). Pamaso pa mlendo wolemekezeka anaoneka ngati mfumu. Pamaso pa mbale wake anali munthu wa mkwiyo ndi wa nsanje.

Tisalakwitse pano. Davide nayenso anali wooneka bwino (1 Samueli 16:12). Kukongola si tchimo, ndipo kunyansa si chiyero. Phunziro ndi lakuti nkhope siuza kanthu, kaya kabwino kaya koipa.

LOLEMBA: Abisalomu pa Chipata

Werengani 2 Samueli 14:25, 26 ndi 15:1-6. Lembani zinthu zimene Abisalomu anachita kuti anthu amkonde.

Mu Chipangano Chakale chonse mulibe munthu wina amene anaidziwa ntchito yomanga mbiri monga mwana uyu wa Davide. Thupi lake linalibe chilema. Tsitsi lake limametedwa kamodzi pa chaka ndi kuikidwa pa sikelo, ndipo limalemera masekeli 200, ndiwo makilogalamu awiri kapena kupitirira pang'ono pa miyeso ya lero. Taganizani: munthu ayeseranji tsitsi lake, ngati si kuti anthu amve kulemera kwake?

Anadzipezera galeta ndi akavalo, ndi amuna 50 othamanga patsogolo pake. Yerusalemu unali mudzi waung'ono wa pa phiri, wosafuna galeta. Galetalo silinali la ulendo, linali la maso. Koma nzeru yake yaikulu inali ina. Atadzikweza chotero, amalawirira m'mamawa kukaima pa njira ya kuchipata, kumene anthu amadza ndi milandu yawo. Amafunsa munthu kwawo, namuuza kuti mlandu wake ndi wolungama, kungoti palibe womumvera kwa mfumu. Munthu akafuna kumgwadira, iye amamletsa, namgwira dzanja, nampsompsona. Wosauka uja amabwerera kumudzi ndi nkhani yokoma, yakuti mwana wa mfumu alibe matama, ndipo anamgwira dzanja ngati mbale. Kudzichepetsa komweko kunali chovala.

Tsono funsani amene anakhala naye pafupi. Funsani Amnoni, amene Abisalomu anamsungira chakukhosi zaka ziwiri osanena kanthu, namuitanira ku phwando la kumeta nkhosa kuti anyamata ake amuphe. Zoona, Amnoni anachimwira Tamara koopsa, ndipo Davide analakwa posamlanga. Koma onani kuleza kwa njoka kumene Abisalomu anadikira nako. Funsani Yoabu, amene anamthandiza kubwerera kuchokera ku Gesuri, ndipo malipiro ake anali kutenthedwa kwa munda wake wa barele chifukwa anachedwa kuyankha kuitana (2 Samueli 14:29-31). Munthu wopsompsona alendo pachipata ndi yemweyo wotentha munda wa bwenzi lake. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso amuna 200 amene anamperekeza ku Hebroni ndi mtima woona, osadziwa kuti alowa mu chiwembu (2 Samueli 15:11). Iwowa ndiwo amandimvetsa chisoni koposa. Sanali oipa, anangokonda munthu amene sanamdziwe.

Kodi munthu wokoma kwa alendo koma waukali kwa a m'nyumba mwake mungamzindikire bwanji? Nanga a m'nyumba mwanu akadafunsidwa lero, akadanena zotani?

LACHIWIRI: Ndani Amaumba Munthu Wotchuka?

Werengani Machitidwe 12:20-23.

Herode Agripa anafa ku Kaisareya m'chaka cha 44. Wolemba mbiri wa Chiyuda, Josephus, anasimbanso za imfa imeneyi, nati mfumuyo inavala chovala cha siliva chimene chinanyezimira ndi dzuwa la m'mawa, ndipo itagwidwa ndi m'mimba inatha masiku asanu ndi kumwalira. Luka awonjezera mfundo imene ambiri aife timaidumpha powerenga: anthu a ku Turo ndi Sidoni anadza kwa Herode chifukwa dziko lawo limadya chakudya chochokera ku dziko la mfumuyo. Iwo amene anafuula kuti mau ake ndi a mulungu anali anthu oopa njala. Sanali kupembedza, anali kupempha tirigu.

Ife a m'dziko limene chimanga chimasowa zaka zina sitifunikira kutanthauziridwa zimenezi. Tidziwa momwe nyimbo zotamanda zimachulukira pamene galimoto ya matumba yaima pabwalo. Wotamandidwa akakhulupirira nyimbozo, waonongeka. Koma oimbawo nawonso ali ndi gawo pa kuonongeka kwake.

Yerekezani ndi Paulo ndi Barnaba ku Lustra (Machitidwe 14:11-19). Atatchedwa milungu anang'amba zovala zawo, nalowa m'khamu kukaletsa nsembe. Pasanapite nthawi khamu lomwelo linamponya Paulo miyala.

LACHITATU: Alendo Awiri Amene Malawi Anawaona

Werengani Miyambo 18:13, 17 ndi Mateyu 7:15-20.

Woimba wa ku America, Madonna, anafika m'dziko muno mu 2006, ndipo dzina lake linamveka m'midzi imene sinamvepo nyimbo yake ndi imodzi yomwe. Ena anamuona ngati mayi wa ana amasiye, ena ngati munthu wachuma wodzigulira mbiri. Mu Epulo 2013 chikalata chochokera ku nyumba ya boma chinamnenera kuti amafuna kulandiridwa mwapadera monga mlendo wa boma, ndi kuti amakuza ntchito zimene anachita kuno. Iye anakana zonsezo. Patapita zaka zinayi, mu Julayi 2017, chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James, chimene bungwe lake linamanga, chinatsegulidwa pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ana a anthu wamba athandizidwamo.

Tinene chiyani tsono? Kodi ndi wodzikuza kapena wachifundo? Mkhristu woona mtima ayenera kuvomera kuti chimene wachiona ndi chipatala, chimene wachimva ndi mkangano wa mbali ziwiri, ndipo mtima wa munthuyo sanauone. Pali msampha wachiwiri umene timaugwera tikathawa woyamba. Titaleka kupembedza otchuka, timayamba kukondwera ndi nkhani iliyonse yowanyozetsa, ndi kuitumiza kwa anzathu pa foni tisanafunse ngati ndi yoona. Kumeneku ndi kuweruza monga mwa maonekedwe komwe, kungoti kwatembenuka. Lamulo lachisanu ndi chinayi silinapatule anthu otchuka. Kuwanamizira ndi umboni wonama ndithu.

Mlendo wachiwiri ndi wa pafupi ndi ife. Dokotala Paul Farmer anali mphunzitsi pa yunivesite ya Harvard, ndipo anali mmodzi wa oyambitsa bungwe la Partners In Health mu 1987. Bungweli linayamba ntchito m'boma lathu la Neno mu 2007, ndipo kuno timalidziwa ndi dzina la Abwenzi Pa Za Umoyo. Mbiri yake inafala pa dziko lonse buku la moyo wake litatuluka mu 2003. Koma chimene amene anagwira naye ntchito ku Haiti amamkumbukira nacho ndi kuyenda pansi maola ambiri m'mapiri kukaona wodwala mmodzi kunyumba kwake. Anamwalira pa 21 Febuluwale 2022 ku Butaro, m'dziko la Rwanda, kumene anali kuphunzitsa ndi kuona odwala. Iye sanali wa mpingo wathu, ndipo sitimtchula pano ngati munthu wopanda cholakwa. Buku lomwe lija silibisa kuti banja lake limamuona mwa apo ndi apo chifukwa cha maulendo. Komabe pa iye mbiri ya kutali ndi umboni wa apafupi zinagwirizana kwambiri, ndipo chimene chinazigwirizanitsa ndi zipatso zimene zikhoza kuwerengedwa: odwala amene anachira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zipatso sizioneka tsiku limene mtengo wabzalidwa.

LACHINAYI: Mtumwi Wotola Nkhuni

Kodi adani a Paulo ku Korinto amamnena zotani, ndipo iye anayankha bwanji? 2 Akorinto 10:10, 11.

Apa nkhani yatembenuka. Paulo anali wamkulu m'makalata, koma wokhumudwitsa pomuona. Amene amayembekezera chimphona cha mau okoma anapeza munthu wosaoneka mwamphamvu, wosalankhula mwa luso la akatswiri a Chigriki. Iye sanayese kukonza maonekedwe ake. Anangolonjeza chinthu chimodzi, kuti chimene ali m'makalata ali kutali, adzakhala chomwecho m'machitidwe ali pafupi.

Umboni wake unali wa anthu amene anakhala naye. Potsazikana ndi akulu a mpingo wa ku Efeso pa Mileto, anawakumbutsa za makhalidwe ake pa zaka zitatu, za misozi yake, ndi za manja ake amene anagwira ntchito kudzidyetsa yekha ndi anzake (Machitidwe 20:18-35). Munthu sangalankhule chotero kwa anthu odziwa zinsinsi zake ngati zinsinsizo ndi zonyansa. Ndipo pa chisumbu cha Melita, chombo chitasweka, anthu 276 ali kunjenjemera ndi mvula, mtumwi wa amitundu tiampeza akutola nkhuni zoika pamoto (Machitidwe 27:37, 28:2, 3). Panalibe womuyang'ana kuti amtamande. Njoka yokha ndiyo inamuona.

Petro anapunthwa pa mfundo yomweyi ku Antiokeya. Amadya ndi abale amitundu mosavuta, koma atafika alendo ochokera ku Yerusalemu anadzipatula, kuopa kuti amuona bwanji (Agalatiya 2:11-14). Paulo anamdzudzula pamaso pa onse, ndipo anakutcha kumeneko chinyengo. Petro yemweyo ndiye anakhalabe mzati wa mpingo. Kugwa kwa munthu wotchuka si umboni wakuti zonse zimene anachita zinali zabodza. Ndi umboni wakuti nayenso asowa Mpulumutsi.

Ndi chifukwa chake posankha woyang'anira mpingo Paulo salamula kuti timve ulaliki wake poyamba, koma kuti tione nyumba yake, ndi kufunsa ngakhale akunja (1 Timoteo 3:4-7). Komiti yosankha maudindo ikakhala pansi chaka chino, kodi idzayamba ndi mau a munthu pa guwa, kapena ndi nkhope ya mkazi wake ndi ana ake?

LACHISANU: Kuphunzira Mopitirira

Werengani Yohane 13:1-15 ndi Yakobo 2:1-9. Onani kuti Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira m'chipinda chapamwamba, kumene kunalibe khamu, patangopita masiku ochepa chilandiridwire ndi makhwatha a kanjedza. Lingalirani za ichi pamene mukonzekera mwambo wa kusambitsana mapazi wa kota ino.

Mafunso Okambirana:

1. Tiyerekeze kuti pa msonkhano wa misasa pafika kwaya yotchuka ya mu mzinda. Yaimba mpaka anthu kulira, koma kuseri yakana chakudya chimene amayi a Dorika aphika chiyambire m'bandakucha, ndi kuwalankhula mwachipongwe. Inu ndinu mkulu wa mpingo ndipo mwaziona. Mudzalankhula ndi yani, liti, ndipo motani? (Onani Mateyu 18:15.)

2. Mwana wanu wamva kuti mlaliki amene amamkonda wagwa mu tchimo, ndipo akuti sadzapitanso ku tchalitchi. Mudzamuuza chiyani? Kodi pali gawo limene ife makolo tinalakwa pa momwe tinamtamandira mlalikiyo?

3. Uthenga wa Chiadventi wakhala m'dera lino chiyambire mishoni ya Matandani mu 1908. Tchulani m'kalasi mwanu munthu mmodzi amene dzina lake silinamveke kunja kwa mudzi wake, koma amene anakukokerani kwa Khristu. Anachita chiyani chimene mukuchikumbukira?

4. Sabata lapitali, ndani anakhala pa mpando wa kutsogolo mu tchalitchi chanu, ndipo ndani anakhala pansi pafupi ndi khomo? Anawakhazika pamenepo ndani?