Nkhondo Siimanga Mudzi

Akuluakulu anati nkhondo siimanga mudzi. Ku Luwani, m'boma la Neno, mwambi uwu suchita kufuna womasulira. Msasa wa kumeneku unasunga anthu othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, imene inatha mu 1992. Msasawo unatsekedwa mu 2007, koma mu 2016 unatsegulidwanso, anthu a ku Tete atathawanso kwawo, kusiya nkhokwe ndi ziweto.

Nanga nkhondo ikatha, mfuti zimapita kuti? Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya chikhristu ku Mozambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zidazo ankaziduladula, zidutswa zina n'kuzipereka kwa amisiri aluso ku Maputo.

Mmodzi mwa iwo ndi Gonçalo Mabunda, wobadwa mu 1975, amene anakulira m'nkhondo yomweyo. Iye amawotcherera zidutswa za AK-47, zipolopolo ndi zikhokhombe za mabomba, n'kupanga nkhope za anthu ndiponso mipando yachifumu. Mpando wake ukauyang'anitsitsa thupi limachita tsemwe. Potsamira pandanda zipolopolo, pogwira manja pali chitsulo chimene chinapangidwira kupha munthu. Ndani angakhalepo mtima uli m'malo? Akuwauza atsogoleri maso ndi maso kuti mpando woupeza ndi mfuti umabaya mwini wake. Mu 2015 ntchito zake zinakaonetsedwa ku Venice.

Chimene ndimamulemekezera n'chakuti sabisa chiyambi cha chitsulocho. Mfuti imaonekabe kuti inali mfuti.

Aphunzitsi a ku Neno, pophunzitsa mbiri ya Luwani, aonetseniko ana zithunzi za mipando imeneyi.