Za Satana: Kodi Mlandu Uli ndi Yani?

Abale, alipo mau amene amveka kawirikawiri pa bwalo la mfumu ndi pa msonkhano wa akulu a Mpingo, kuyambira ku Malembo kufikira ku Malindi. Munthu akagwidwa ndi khoka la mnzace, kapena akapezedwa m'nyumba ya mwini usiku, aweramitsa mutu nati, "Sindine ai, ndi Satana." Ndipo anthu akumva agwedeza mitu ngati wanena za nzeru. Tsono tiyeni tifunse bwino: kodi Satana akhoza kumcimwitsa munthu wosafuna? Ngati akhoza, tileke kuweruza mirandu, pakuti mwini mlandu sitingathe kumuitana ku bwalo. Koma ngati sakhoza, mau aja ali bodza, ndipo tiyenera kudziwa mwini bodzalo.

Tiyambe ndi ici, kuti Satana si mulungu waciwiri. Ali wolengedwa. Kalata wa Yuda ndi kalata waciwiri wa Petro atiuza za angelo amene anacimwa nasiya malo ao, ndipo Cibvumbulutso 12 cinena za nkhondo m'mwamba ndi kuponyedwa pansi kwa cinjoka. Za kugwa kwace Malembo sacurukitsa mau. Ngakhale dzina lija la Lucifer, limene alaliki ena alikonda, liri liu la Cilatini lochula nthanda, nyenyezi ya m'bandakuca. Linalowa pa Yesaya 14 m'Baibulo wa Cilatini amene Jerome anamasulira pafupi ndi caka ca 400, ndipo pamenepo mneneri analikunena ndi mfumu ya ku Babulo yodzikuza. Nyanga ndi mcira ndi ziboda zimene tiziona pa zithunzi, anamveka ndi olemba zithunzi a ku Ulaya. M'Buku mulibe mau akuti ayenda cotero m'midzi. Akadaoneka comweco, ngakhale mwana akadamthawa. Paulo aticenjeza kuti adziwa kubvala maonekedwe a mngelo wa kuunika. Anansi athu Asilamu, amene ali ambiri kuno kwathu, amucha Shetani kapena Ibilisi, ndipo iwonso sanena kuti alingana ndi Mlengi.

Onani tsono macitidwe ace. M'munda wa Edene njoka sinathyole cipatso, sinagwire dzanja la mkazi. Inangofunsa funso, nikayikitsa mau a Mulungu. Pamene mlandu unafika, Adamu analoza mkazi, mkazi analoza njoka. Mau aja a pa bwalo lathu si a lero. Anayamba ndi amai athu Hava. Ndipo Mulungu anatani? Sanakane kuti njoka inanyenga, anaitemberera ndithu. Koma sanamasule mkazi kapena mwamuna. Onse atatu anaturuka ndi ciweruzo cao. M'cipululu, pa Mateyu 4, woyesayo anaimika Ambuye pamwamba pa Kacisi nawauza kuti adziponye pansi. Bwanji sanawakankhe yekha? Cifukwa sanathe. Ndipo pa Macitidwe 5, pamene Hananiya anabisa ndalama za munda, Petro anachula Satana, koma pomwepo anamfunsa Hananiya cifukwa cace analingalira cinthu cotere mumtima mwace. Sanafe Satana tsiku lija, anafa Hananiya.

Ife a kunyanja sitiyenera kubvutika pomva ici. Msodzi wa kampango amanga usipa pa mbedza, naponya cingwe m'madzi akuya, nakhala cete m'bwato. Adziwa kumene nsomba igona, adziwa cimene ikonda, adziwa kudikira usiku wonse. Koma kutsegula kamwa la nsomba sangathe. Yakobo anena comweci m'mutu woyamba wa kalata wace, kuti cimene cikoka munthu ndico cilakolako ca iye mwini. Satana ali nayo nyambo ya munthu ali yense: wina ndalama, wina mowa, wina mkazi wa mwini, wina kuyamikidwa pa Mpingo kuti apemphera bwino; ndipo nyambo yotsirizayi yakola ife aphunzitsi ambiri koposa mowa. Koma nsomba iribe nzeru, munthu ali nazo, ndipo wauzidwa kale kuti m'kati mwa usipa muli citsulo.

Wina adzati, "Mphunzitsi, mau anu ngouma. Mzimu wakale wocenjera cotere ulimbane ndi munthu waumphawi, wanjala, ndipo inu muike mlandu wonse pa munthuyo?" Funso ili nlabwino, ndipo sindilipeputsa. Akulu amene anaona njala ya 1949 adziwa kuti mimba yopanda kanthu imva msanga mau a woyesa. Wakuba cinangwa kuti ana asafe, timweruze ndi cifundo, ndipo tidzifunse ife tinali kuti ndi nkhokwe zathu. Koma mlandu suli ngati nsomba za m'khoka, zimene wina akatenga zambiri mnzace atsala ndi zocepa. Wonyenga ali ndi mlandu wace wathunthu, wobvomera ali ndi wacenso. Kumbukirani za ukapolo. Pamene Livingstone anafika kwa Mponda m'caka ca 1866, pomwe Shire aturuka m'nyanja, anapeza kuti ndi pa njira ya amalonda a akapolo opita ku gombe la nyanja yamcere, ndipo malondawo ndiwo anacititsa Boma kumanga Fort Johnston m'caka ca 1891. Alendo aja anadza ndi nsaru ndi mfuti ndi onga, ndipo cimo lao nlalikuru. Koma njira ya ku mudzi wa mnansi anaidziwa ndani? Mwana wamasiye amene alibe womlirira anamloza ndani? Wogula sanacepetse mlandu wa wogulitsa. Ndipo analipo ena, m'mitundu yonse, amene anaona nsaru yomweyo nakana.

Pali kulakwa kwina, kooneka ngati cikhulupiriro cacikuru koma kuli mantha cabe: kuona Satana m'cinthu ciri conse cotipweteka. Mwera ukagubuduza bwato, Satana. Mwana akatentha thupi, Satana. Pitani ku Cape Maclear mukaone manda a amishoni oyamba a Livingstonia. Anafika ndi sitima ya Ilala mu October 1875, Dr. William Black anamwalira m'caka ca 1877, ndi enanso anatsata; ndipo m'caka ca 1881 Dr. Laws anasamutsa mishoni kunka ku Bandawe, atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Kukadakhala kwapafupi kunena kuti mdierekezi wapitikitsa Uthenga. Koma m'caka ca 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza kacirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu. Mdani anali wa m'madambo, wolira m'khutu usiku. Munthu amene lero afuulira Satana usiku wonse pa mwana wa malungo, osamtengera ku cipatala, osamgoneka m'masikito, akondweretsa Satana amene alikumtukwanayo.

Tsono ndifike pa cimene cindilemera koposa. Dzina lakuti Satana m'Cihebri litanthauza mdani woimirira pa mlandu, woneneza; ndipo dzina lace la m'Cihelene, Diabolos, litanthauza wosinjirira. Pa Yobu 1 aoneka alikuneneza munthu wolungama kuti apembedza cifukwa ca cuma. Pa Zekariya 3 aima pambali pa mkulu wa ansembe kumtsutsa. Nchito yace ya masiku onse ndiyo kuloza cala. Nanga ife, maliro akagwa m'mudzi, tikayamba kunong'onezana kuti gogo uje wa maso ofiira ndiye wadya mwana, tirikugwira nchito ya yani? Maso aja anafiira ndi utsi wa pa mafuwa, pophikira ife tomwe.

Makolo athu anamwetsana mwabvi, mpaka lamulo la Boma la 1911 linauletsa, niletsanso kumucha munthu mfiti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunabuka Mcape ku Mulanje, nufalikira dziko lonse kufikira maiko oyandikana. Anyamata ace anandandika anthu pa mzere, nawayang'ana m'kalirole, nawamwetsa mankhwala, naunjika nyanga ndi zithumwa, nalonjeza kuti ufiti watha. Akristu ena anamwa nao, kuiwala kuti mapanga awiri abvumbwitsa. Ndalama zinapita, imfa inatsala, ndipo kukayikirana kunabwerera pa malo pace. Musati izi nzakale: mu January 2016 ku Neno anapha okalamba anai, cifukwa mphezi inapha mtsikana. Amene anacita ici anayesa kuti alikulimbana ndi mdierekezi. Koma Ambuye, pa Yohane 8, anachula zizindikiro zace ziwiri, bodza ndi kupha munthu. Ndipo zonse ziwiri zinali m'manja mwa khamu lija, osati mwa akufawo.

Sindinena kuti kulibe mizimu yoipa. Uthenga Wabwino unena za iyo poyera, ndi kuti inanthunthumira pamaso pa Yesu. Ndidziwanso kuti wina adzatsegula Eksodo 22 nandionetsa lamulo la Mose la pa wanyanga. Koma cilamulo comweco cinalamula kuponya miyala wacigololo, ndipo mudziwa cimene Ambuye anacita pamene anamtengera mkazi wotere. Simudzapeza pena pali ponse pamene anatuma ophunzira ace kukanunkhiza mfiti m'mudzi. Simoni wa ku Samariya, amene anali wamatsenga wodziwika ndi onse, Petro anangomuuza kuti alape. Ku Efeso, pa Macitidwe 19, amatsenga anatentha mabuku ao a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Koma anadza nao okha, atalasidwa mtima, popanda wowagwira pakhosi kapena wowayang'ana m'kalirole. Ndipo munthu amene Ambuye anamucha Satana pamaso pace sanali nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi. Anali Petro, bwenzi lace, pa nthawi imene analikumcenjeza mwacikondi kuti alewe mtanda.

Cifukwa cace ndipempha akulu a Mpingo zinthu ziwiri. Munthu akadza nati "Ndi Satana," musamseke, musambvomerenso. Mfunseni kuti nyambo inali yotani, ndi tsiku liti anayamba kuiyang'ana; pambuyo pace abweze khoka kwa mwini wace, nanene ndi pakamwa pace kuti "Ndinaba ndine." Ndipo mukamva kuti dzina la gogo wina layamba kumveka pa citsime, musadikire Sabata. Mukaonane ndi anyakwawa tsiku lomwelo, ndipo awiri kapena atatu a inu mupite usana, anthu onse akuona, mukakhale pa khonde pace, mudye nsima ya m'mbale yace.